Galaja ya Anti Chrissie ku Lawrence

Mukafika ku Lawrence, kuno ku Indianapolis, n'kuona nyumba imene galimoto yake imagona panja pachisanu galaja ilipo, musavutike n'kufunsa, ndi kwa Anti Chrissie. Galajayo inalandidwa kalekale ndi makatoni. Amuna awo, a Lucious, anadandaula mpaka kutopa. Masiku ano amangopala ayezi pagalasi m'mawa, kwinaku akung'ung'udza okha.

Ntchito yawo yeniyeni a Chrissie ndi ya unamwino, amasamalira okalamba. Zamakatonizi zinayamba ngati masewera. Mng'ono wawo Atupele, amene amakhala ndi bambo awo ku Chinamwali, ku Zomba, anaona foni pa intaneti koma sitolo yake sinkatumiza katundu ku Malawi. "Ingolemba adiresi yanga," anatero a Chrissie. Eee, anaziputa dala! Atupele anauza mnzake, mnzakeyo anauza a kwaya, a kwaya anauza mpingo wonse. Lero munthu amaoda laputopu ali khale ku Matawale, katundu n'kudzagwera ku Lawrence, ndipo a Shadrick a ku South Bend, amene amatumiza katundu kumudzi, amabwera ndi kavani kawo kudzatenga.

A Chrissie ali ndi lamulo lawo limene silisintha: katoni iliyonse amaitsegula. Foni amaitchaja, amaiyatsa, amaijambula n'kutumizira mwini wake chithunzi. Chinthu chikakhala cholumikiza kukhoma amaimbira mwini wakeyo, chifukwa magetsi akuno ndi akumudzi ndi osiyana, ndipo mayi wina analirapo wailesi yake itafuka utsi tsiku loyamba. "Safunsa anadya phula," amatero a Chrissie. Mwa njira imeneyi amadziwa za anthu kuposa amsika. Kamera ikabwera, ndiye kuti ukwati wayandikira. Mnyamata akaoda mafoni awiri apinki, amamuimbira n'kumufunsa kuti winayo ndi wa ndani.

Amaseka kwambiri mayi ameneyu, koma pali chinthu chimodzi chimene amachiopa. Kwathu, wachibale amene ali kunja kwa dziko sauzidwa za matenda. Wodwala amakhala "aliko bwino" mpaka tsiku loika masamba pamsewu. Mayi awo anapita choncho: a Chrissie ankauzidwa kuti ndi malungo chabe, ndipo atafika ku Zomba anakapeza manda. Anamugwira dzanja Atupele pamandapo n'kumulumbiritsa kuti za bambo asadzabise kanthu. Atupele analumbira.

Ndiye chaka chino bambo aja anayamba kusowa pafoni. Lamulungu lina, agona. Lotsatira, apita kukaona chimanga. Lina lija, netiweki ikuvuta, achemwali, sindikukumvani bwino. Mtima wa a Chrissie unkakana, koma ankadziuza kuti mwana uja analumbira.

Loweruka lina m'mawa analowa mugalaja atavala jekete ya amuna awo, kampeni kali m'manja. Katoni yachitatu inali yolemera, yolembedwa dzina la Vainess Chikopa, mayi wa mumvano amene amakhala pafupi ndi kwawo ku Chinamwali. Ataitsegula anangoti kakasi. Anali makina othandiza munthu kupuma, aja onyamula m'manja. Kuntchito amawaona tsiku lililonse, ndipo amadziwa bwino kuti munthu wofuna makina amenewa sadwala chimfine.

"Kalanga ine, a Vainess," anatero, n'kuimba pompo kuti awapepese komanso awauze za pulagi.

"Anti Chrissie! Afika makina aja? Ambuye alemekezeke!" anafuula a Vainess.

"Afika, mayi. Koma akudwala ndani, abambo akunyumba?"

"Iii, ayi, si anga amenewo. Ine ndinangobwereketsa dzina. Ndi a Atupele, ogulira agogo aja." "Mesa mukudziwa, anti? Mayo ine, pakamwa panga!"

A Chrissie anakhala pansi, pa katoni ya sipika ya munthu wina. Taganizani nzeru za mwana ameneyu. Wasonkhetsa achibale ndalama mwakachetechete, wabwereka dzina la mnansi kuti mkulu wake asadziwe, kenako n'kulemba adiresi ya mkulu wake yemweyo! Koma akanalembanso iti? Ku Chinamwali konse, Amereka ndi galaja imeneyi. A Chrissie anaseka, ndipo kusekako kunathera m'misozi. A Lucious anasuzumira pakhomo, n'kuona makinawo. Anangobwera n'kuima pambali pawo.

A Chrissie anaimbira Atupele.

"Iwe, katundu wa a Vainess wafika."

"Oo, zikomo achemwali, ndiwauza."

"Uwauza chiyani? Atupele, unalumbira pamanda a amayi. Pamanda! Ndimasambitsa makolo a eni ake kuno tsiku ndi tsiku, anga akubanika ine osadziwa? Wandipweteka, mwana wa mayi anga, wandipweteka kwabasi."

Atupele anayamba kulira. Anati madokotala apeza kuti ndi mapapo, anati usiku bambo amagona chokhala, anati iye watopa ndipo akuopa. Mkwiyo wa a Chrissie unathera pomwepo, chifukwa anamva kuti mwanayo wakhala akusenza yekha mtolo wonsewu.

"Basi, tonthola. Apatse foni bambo."

Kunamveka phokoso la chitseko, kenako mpweya wolemera, wokoka movutikira. Pokhala namwino, a Chrissie anamva zonse zimene ankafuna kudziwa mawu asanatuluke.

"Chrissie," anatero bambo awo. Mawu aja amene kale ankamveka mpaka kumsewu anali atasanduka manong'onong'o. "Usamukalipire mng'ono wako. Ndinamuletsa ndine."

"Chifukwa chiyani, bambo?"

"Uli ndi ntchito. Uli ndi banja." Anapuma kaye. "Ndiye ukachoka, katundu wa anthu alandira ndani?"

"Katundu wa anthu! Bambo, inu mukundiuza za mawailesi?"

Mkuluyo anayesa kuseka, chifuwa n'kumugwira. A Chrissie anadikira, foni ataikanikiza kukhutu, mpaka chifuwacho chitatsika. A Lucious anali atatulutsa kale foni yawo, akuyang'ana ndege za mawa lake.

"Makinawa sindipatsa a Shadrick," anatero a Chrissie. "Ndibwera nawo ndekha, ndipo ndidzakulumikizirani ndi manja angawa. Mwandimva?"



"Ndinkati ndisakuvutitse, mwana wanga," anatero bambo awo. "Koma poti wadziwa, usachedwe. Ndakusowa."