Tinatsuka ndi Magemu Omwe

Akulu anga anali munthu wachilungamo, makamaka pa nkhani ya magemu. Ife ena tonse ku Chawama tinkagula madisiki okopera pamsika, pachikuto pali mpira koma mkati muli nkhondo. Disiki likakandika tinkalipaka mankhwala otsukira mano, n'kulipukuta pamalaya, n'kupemphera. Likatikwana tinkasinthana ndi anzathu a ku komboni ya Kuku kapena kuligulitsa.

Iwo ayi. Atangopeza ntchito m'tauni anagula makina atsopano osewerera magemu, magemu n'kumagula pa intaneti ngati mwana wa bwana. Tsiku lina anandipeza ndi disiki langa la mpira, n'kundilanda.

"Ivi ni vakuba iwe," anatero. "Amene anapanga gemu azadya chani?"

Ine chifundo cha anthu olemera a kunja, amene sadziwa n'komwe kuti Chawama ili kuti, chinkandivuta kuchipeza. Ndinati, "Nanga vanu vili kuti? Nibwerekeni nione." Chinthu choti sungabwereke mnzako, sungagulitse njala ikavuta, n'chako bwanji? Iwo anangoseka, akuti zonse zili mu akaunti, mosungika, mosalowa mbala.

Tinakangana choncho zaka zitatu. Koma Lamulungu lililonse tikachoka kutchalitchi tinkasewera mpira awiriwiri pamakina awo, pa timu imene anaimanga okha. Anaikamo wosewera wa dzina langa, wamfupi, wa mimba, wokhalira pa benchi. Ndinkakwiya, koma ndinkamukonda munthu wanga uja.

Akulu anga anadwala sabata imodzi yokha. Titaika maliro, amalume analamula kuti katundu wa malemu atsukidwe asanagawidwe, monga mwa mwambo. Azimayi anachapa malaya, nsapato zinapukutidwa. Ine sindinafune jekete kapena wotchi. Ndinapempha makina aja chifukwa cha timu ija, ndipo amalume anavomera.

Tili ndi msuweni wokonza mafoni, katswiri wa banja lonse. Atamva zoti chilichonse chitsukidwe, anaona kuti makina sangawaviike m'beseni, ndiye anawatsuka mwa ntchito yake. Anafufuta zonse za mkati. Anandipatsa monyadira, akuti, "Yayera, ili monga ya nyowani."

Nditayatsa, makina anandipatsa moni ngati mlendo, n'kundifunsa mawu achinsinsi. Alamu anga sankawadziwa. Ndinayesa dzina la mwana wawo, tsiku lobadwa la akulu anga, ngakhale vesi imene ankaikonda. Palibe. Akulu anga ananena zoona, mu akaunti simulowa mbala. Simulowanso mng'ono wako. Ndinalira kuposa mmene ndinalirira kumanda, ndipo sindichita nazo manyazi.

M'katoni ya makinawo, pansi pa zingwe, ndinapeza disiki langa lija analanda. Sanalitaye. Ndinalipaka mankhwala otsukira mano, n'kuliika m'makina anga akale, ndipo lakubalo linayaka bwinobwino. Ndinapita pa benchi ya m'gemumo kukayang'ana. Munthu wamfupi wa mimba uja panalibe.