Ndi Apongozi ku Linga la Tilbury

"Amayi anga si mkango, bambo a Tadala! Mudzawathawa mpaka liti?"

Anakuwa chonchi mkazi wanga akuvala yunifolomu ya kuchipatala. Apongozi anali atatha masabata atatu m'fulati yathu ku Woolwich, ine ndikudyera m'khitchini choimirira. Kwathu ku Dedza mkamwini sayang'anizana ndi apongozi aakazi, ukawaona panjira umapatukira kutchire. Koma mu London muli tchire? Mkazi wanga anati mayi ake akuganiza kuti ndimadana nawo, ndipo Lamulungu akwera ndege ndi maganizo omwewo. Ndinakalipa, ndinamenyetsa chitseko, kenaka ndinabwerera kudzatenga jekete ndi apongoziwo.

Tinanyamuka 9 koloko. M'sitima ya DLR mpaka ku Limehouse iwo anakhala kutsogolo, ine kumbuyo. M'sitima ya ku Tilbury mzungu wina anandisiyira malo kuti ndikhale ndi "amayi anga". Ndinamuuza kuti msana wanga sufuna mpando.

Pageti la linga la Tilbury anatidula pafupifupi mapaundi khumi munthu mmodzi, kuti tione njerwa. Komatu njerwa zake si zamasewera. Lingalo lili m'mbali mwa Thames, komwe mtsinje wayamba kununkha nyanja, ngalande ziwiri zamadzi zitalizinga, mizinga italoza kumadzi. Wotiperekeza anati analimanga zaka zoposa mazana atatu zapitazo kuti zombo za adani zisafike ku London, koma palibe chombo chinabwera kudzalimbana nalo.

Masana apongozi anatulutsa mandasi ndi fulasiki ya tiyi. Ine ndinakadyera kuseri kwa mzinga. Ndiye ndinamva apongozi akulankhula ndi mzingawo, mokweza bwinobwino.

"Iwe chitsulo, zaka zonsezi kudikira mdani wosabwera? Ndiwe m'bale wawo wa bambo a Tadala. Ukawauze kuti ulemu ndauona, wakwana. Koma ine ndinakwera ndege kudzaona ana awiri, ndaona mmodzi."

Ndinasiya kutafuna. Ndinafuna kupsa mtima, koma ungakalipire mzinga?

Potsikira m'chipinda chomwe ankasungiramo wonga, masitepe anali onyowa. Apongozi anaterereka, ine n'kuwagwira mkono, koyamba m'zaka makumi awiri za ukwati. Anathokoza khoma.

Pobwerera tinakhala mpando umodzi, chikwama pakati. Angelezi anawonongera njerwa zambiri mdani wosabwera, ine ndinawononga masabata atatu.

M'mawa mwake ndinaphika tiyi, n'kukhala nawo patebulo, chammbali ndithu, n'kuwafunsa mmene adzukira. Anandiyankha ine mwini, maso ali pa shuga.