Amayi Atsokomola Kamodzi, Opaleshoni Yaima

Amayi anga ali m'tenti ya odwala korona, mimba yatupa ngati ng'oma, ndipo palibe akufuna kuwakhudza. Mlandu wawo ndi kutsokomola.

Amayi amawamba nsomba ku Nkope. Chibadwire changa amakhalira pa utsi. Chifuwa chawocho n'chakale kuposa ineyo, aliyense padoko amachidziwa. Lachiwiri m'mawa anayamba kusanza, chimbudzi osachita, mimba ikungotupa. Tinakwera matola mpaka ku chipatala chachikulu. Dokotala wina wachinyamata atawagwira pamimba, nkhope yake inasintha. Anati matumbo apotana, akufunika opaleshoni tsiku lomwelo, apo ayi ayamba kuwola.

Ali pa machira, chitseko cha fiyeta, kochitira opaleshoni, tikuchiona, amayi anatsokomola. Kamodzi kokha. Nesi amene amakankha machirawo anadumphira m'mbuyo.

"Chayamba liti chifuwachi?"

"Asisitala, ndi utsi. Amawamba utaka amayiwa."

"Korona safunsa ntchito ya munthu, achemwali."

Basi machira anakhota. Ku tenti.

Akuti wotsokomola salowa m'fiyeta asanayezedwe. Chabwino, ayezenitu. Akuti zoyezera zatha, mamina awo atumiza kwina. Nanga zotsatira? Akuti tidikire. Matumbowo munawauza kuti nawonso adikire?

Dokotala uja ndinamupezanso pakhonde. Sanandikalipire, ndipo bola akanatero, ndikanapeza womutukwana. Anati wogoneka anthu pa opaleshoni watsala mmodzi, mnzake ali gone ndi korona yemweyo, ndipo zovala zodzitetezera palibe. Akuti wotsalayo akadwala, azimayi onse obereka ndi mpeni atha. Kenako anandifunsa ine kuti iye atani. Ine? Amene ndinasiyira sukulu fomu 2?

M'tentimo wodikirira odwala salowa. Mlonda amangoti, "Lamuloli si langa, mlongo." Ndiye ndimazungulira kuseri, n'kuima pa waya, n'kumaitana. Dzulo amayi anayankha. Mukudziwa zimene anafunsa? "Esinati, utaka uja munaphula? Upsereratu." Munthu akufa, nkhawa ili pa utaka.

Lero ndaitana mpaka mawu kusasa. Wayankha ndi mayi wa bedi loyandikana ndi lawo, iyenso akubanika. Akuti amayi akupuma, koma sakulankhula.

Akulu akulu a zaumoyo, ndiyankheni. Boma lonse la Mangochi ndi la anthu owamba nsomba ndi ophikira nkhuni. Ndani satsokomola kuno? Tonse tikadwala m'mimba muzititaya m'tenti? Zoyezera zinatha liti, ndipo amene amadziwa anali kuti?

Amayi analowa m'tentimo ndi utsi wa nsomba basi. Mwawagoneka pakati pa odwala enieni. Mukadzawayezanso n'kuwapeza ndi korona, mudzati munalondola.

Ine ndidakali pa waya. Utaka uja tinaphula, amayi. Ndikuwauza, koma sakundiyankha.