Zala Zake pa Dothi Lozira

Chaka chimene sukulu inakhala yaulere, ana anadzaza mpaka pansi pa mitengo, koma mwana wanga wamkazi anali akubwerezabe Sitandade 1, anzake atamusiya kalekale. Nyimbo za kwaya ankazigwira tsiku lomwelo, koma akaona zilembo pa bolodi ankangoti kakasi. Bambo ake anatopa nazo. Anati akalepheranso chaka chimenecho, basi, azikasoka fodya m'chigafa. Mtima unkandiwawa.

Ndiye kusukulu kwathu, kuseri kwa Malomo, kunabwera mphunzitsi wamkazi amene anaphunzira zothandiza ana ovutika kuphunzira. Tsiku lina anandiitana.

"Mayi, mwanayu si mbuli ayi. Maso ake amachedwa, koma zala zimagwira msanga. Kodi m'nyumba mumazira liti?"

Ndinaseka mpaka kugwira pakamwa. Kuzira ndi sukulu zikukumana pati? Iwo sanaseke. Ana ena akaweruka, ankatsala ndi mwana wanga n'kumamuumbitsa zilembo ndi dongo. Ine anandipatsa ntchito yanga: ndikazira, mwana azilemba ndi chala pa dothi lonyowalo, uku akutchula mokweza.

Loweruka lililonse tinkatero, ine patsogolo ndi mwala wozirira, iye pambuyo ndi kachala kake. Tikamaliza ndinkafafaniza msangamsanga, poopa kuti bambo ake anganene kuti tayamba masanje. Koma Loweruka lina iwo anabwerako msanga kumsika, ife tisanafafanize, tili kuseri tikusamba m'manja. Tinangomva mawu pakhomo.

"Amake mwana, chitseko mwasiyiranji chotsegula? Taonani nkhuku zapalasa pozira ponse!"

Anali atatola kale tsache, akusuzumira kunsi kwa bedi kufuna nkhukuzo. Mwana anathamanga, madzi ali chuchuchu m'manja.

"Si nkhuku, ababa. Ndine."

Anagwada n'kuyendetsa chala m'mizere ija pang'onopang'ono. "A-ba-ba a-pi-ta ku-m-si-ka."

Ine nthungululu inangotuluka yokha! Ndinavina pakhonde mpaka chitenje chinamasuka, anansi n'kuthamangira kudzaona ngati kwabadwa mwana. Chimwemwe chimenecho sindinachimvenso.

Bambo ake, munthu amene sanapondeko m'kalasi, anagwetsa tsache n'kunjuta pambali pa mwana wawo.

"Tabwerezanso, mayi. Ine ndili pati pamenepa?"

Mwana anawalozera pamene panalembedwa kuti "ababa". Iwo anayang'ana nthawi yaitali, kenako anatembenukira kwa ine maso ali ofiira.

"Apa pasapondedwe mpaka paume. Ndipo Lolemba kusukulu ndikamusiya ndekha pa njinga."