Kumene A Fanizo Ankapita M'mamawa

Ku Chiromo kunalibe munthu wosawadziwa a Fanizo Mailosi. Anawoloka kuchokera ku Mozambiki nthawi ya nkhondo ali mnyamata, akukusa ng'ombe ziwiri za bambo awo. Pofika zaka makumi asanu, khola lawo linali litadzaza moti madzulo fumbi la ng'ombe zawo linkaoneka munthu ali kutsidya kwa Ruo. Koma anali munthu wa mtima wapachala. Wantchito sankatha nawo chaka. Kutchalitchi ankangoperekezako akazi awo, a Anastazia, n'kubwerera pakhomo.

Madzi a namondwe wa Freddy atabwera mu Malichi 2023, khola lonse linapita m'mawa umodzi. A Anastazia ndi mwana wawo Melissa anali atathawiratu kumtunda. A Fanizo anatsalira kuti atsegulire ng'ombe, ndipo anakhala masiku awiri mumtengo mpaka bwato linawatola. Banjalo linakamanga kanyumba ka udzu kufupi ndi Bangula.

A Anastazia ankawadziwa amuna awo, choncho anabisa chingwe ndi botolo la mankhwala opopera thonje. Ankadikira ukali, kapena choipa choposa ukali. Koma a Fanizo anayamba kuimba. Ankaimba nyimbo za kutchalitchi, zina osazidziwa bwino mawu ake, akukonza khasu pansi pa mtengo wa nimu. Akapatsidwa nyika, timizu ta m'dambo tomwe anthu amadya pa njala, ankapemphera kaye n'kunena kuti, "Takhuta, mayi a Melissa." Pa zaka makumi awiri ndi zisanu za ukwati, a Anastazia anali asanathokozedwepo chifukwa cha chakudya. Zimenezi sizinawasangalatse ayi. Zinawaopsa.

Kenaka anazindikira kuti sopo akutha msanga, ufa wa mapira nawo ukuchepa m'thumba. Tsiku lililonse dzuwa likangotuluka, a Fanizo ankakwera njinga kulowera kumwera, n'kubwera masana malaya atanyowa, nkhope ili ngwee.

"Kodi bambo a Melissa, mumapita kuti?"

"Kwa mnzanga."

"Inu muli ndi mnzanu? Kuyambira liti?"

A Fanizo anangoyang'ana pansi n'kumwetulira.

Kuchitsime, a Jesinta, oyandikana nawo nyumba, sanabise maganizo awo. "Amwali, mwamuna wopanda ngakhale mbuzi akamaimba, alipo amene akumuimbitsa. Ngati si mkazi, ndiye ndi sing'anga. Anthu ozolowera chuma salola kusauka. Muzimuyang'anira Melissa."

Mawu amenewa anawalowa a Anastazia ngati minga. Za mkazi wina akanatha kupirira, koma za kukhwimira chuma ndi magazi a mwana ayi. Anamutumiza Melissa kwa azakhali ake ku Nchalo, ponamizira sukulu. Anayamba kusecha m'matumba a amuna awo kufuna zithumwa, ndipo akamasamba ankawasuzumira kumsana ngati kuli mphini zatsopano. Sanapeze kanthu, koma kusapezako kunangowonjezera mantha.

Tsiku lina anadikira kuti njinga ipite, n'kuyamba kulondola matayala ake mumchenga umene madzi anasiya. Anayenda ola lathunthu, dzuwa likuswa mtengo. Mzerewo unakathera pa kachisakasa kofolera ndi pulasitiki. Anabisala kuseri kwa mlambe. Anamva madzi akukhuthuka, kenaka mawu awiri aamuna akuimba. Atasuzumira, anaona amuna awo atagwada, akumusambitsa munthu wa mwendo umodzi amene anakhala pa mtondo wovundikira.

Munthuyo atatembenuka, a Anastazia anagwira pakamwa. Anali Jeremiya, amene kale ankawawetera ng'ombe. Zaka zisanu ndi ziwiri m'mbuyomo nkhunzi ina inasowa, ndipo a Fanizo anamumanga Jeremiya pamtengo, n'kumukwapula, n'kumupereka kupolisi. Anakhala kundende zaka ziwiri. Pambuyo pake zinadziwika kuti nkhunziyo anaigulitsa ndi mphwawo wa a Fanizo, koma a Fanizo sanapepese.

A Anastazia anatulukira poyera. "Ndiye mnzanuyo ndi ameneyu?"

A Fanizo anaimirira, sopo ali m'manja, manyazi atawagwira. Amene anayankha ndi Jeremiya. "Takulandirani, mayi. Khalani pamthunzi apa."

Iwo sanakhale. A Fanizo ndiwo anayamba kufotokoza. "Bwato lija linanditola mumtengo, wopalasa anali iyeyu. Nditamuzindikira, ndinati basi, andiponya pakati pa madzi, ndipo palibe adzafunse. Ulendo wonse ndinagwiritsa m'mphepete mwa bwato, ndikumuyang'ana m'manja. Iye anangondipatsa chinangwa chophika. Titakocheza ndinamufunsa kuti bwanji sunandiphe. Anati, 'Bwana, ndinakukhululukirani ndili kundende. Yesu anandipeza komweko nditafuna kufa ndi mkwiyo, n'kundichotsera.' Atatero anabwerera kukatenga ena. Tsiku lomwelo lata lobisika m'madzi linamucheka, chilonda chinavunda, kuchipatala anadula mwendo."

"Nanga munkabisiranji?"

"Ndikanayambira pati? Kunena kuti munthu ndinamumanga pamtengo uja ndiye akundiphunzitsa kupemphera?"

A Anastazia sanakhutire. Anamuyang'ana Jeremiya m'maso. "Iwe, undiuze zoona pamaso pa Mulungu. M'chinangwa chija munalibe kanthu? Sunawadyetse kuti akhale kapolo wako, ubweze za kale?"

Jeremiya anaseka mpaka kutsokomola. "Mayi, ndikanakhala ndi mankhwala otero, ndikanayamba ndameretsa mwendo. Ine ndimawakaniza kubwera. Akumva iwo?"

"Sindingasiye," anatero a Fanizo. "Mayi a Melissa, ng'ombe zija ndinkagona nazo m'mutu. Aliyense wodutsa pakhola ndinkati ndi wakuba. Munthu uyu alibe nyumba, alibe mwendo, koma ndinamupeza akuimba m'chipatala. Ndinati chimene ali nachochi nanenso ndichifuna. Anandiuza kuti sachita kugula, n'kungopempha. Ndinapempha. Ng'ombe zimandiwawabe, sindikunama, koma mtima wanga uli phee."

Anabwerera kwawo atakwezana panjinga. A Anastazia anakhala miyezi akudikira kuti Fanizo wakale adzuka liti. Melissa sanamuitanitse mpaka mvula ina itagwa. Tsiku lina mbuzi za eni zitadya mbatata kudimba, a Fanizo anakalipa mudzi wonse n'kumva, ndipo akazi awo anati mumtima, si uyo wabwera. Koma asanadye n'komwe, anapita okha kwa mwini mbuzi kukapepesa chifukwa cha mawu awo. Apo m'pamene a Anastazia anayamba kukhulupirira, ngakhale sanauze munthu.

Ng'ombe sizinabwerere. A Fanizo lero amalima kadimba ka mbatata ndi nyemba m'mbali mwa dambo, ndipo zaka zina dzuwa limawatenthera zonse. Anabatizidwa patatha chaka chichitikireni madzi aja. Pamudzi pano alipobe amene amati munthuyo anadyetsedwa, ena amati madzi anamusokoneza mutu. Jeremiya anasamukira m'kanyumba kamene a Fanizo anamumangira kuseri kwa nyumba yawo, kumene amaluka mikeka ya mlaza, ndipo Loweruka a Fanizo amakaigulitsa pamsika wa Bangula.