Mtsiro wa kuseri kwa fakitale ya matochi

Uthenga unandipeza ndili pakati pa tiyi, dengu kumsana, woti adokotala ati magazi a mdzukulu wanga ayera ndipo makolo ake akubwera naye kwathu tsiku lomwelo. Ndinaponya dengu ine, ndinaimba nthungululu mpaka akapitawo anathamanga, kuyesa ndalumidwa ndi njoka! Sindikupeka ayi anzanga, zinandionekera ine ndemwe, wokayika abwere adzaone pomwe anapala m'nyumba mwanga.

Kufupi ndi kwathu, njira ya ku Luchenza, kunali fakitale ya matochi a sola ndi mabatire, dzina sinditchula. Kuseri kwa mpanda wake ankatayako dothi lotuwa, losalala ngati ufa woyera, ife azimayi nkumatapa m'mabeseni kukazirira nyumba. Mtsiro wake, mayo ine! Ukazira, ukadutsitsa mwala, pansi kuwala ngati kwa amanijala. Sanatape ndani? Ndi mlonda wawo yemwe ankatitwika.

Mwanayo ankakwawa m'nyumba mwanga amake akapita ku tiyi. Anayamba kukana phala, kulira m'mimba, miyendo lobodo, tsiku lina maso anatembenuka nkuuma gwa m'manja mwangamu. Mkamwini wanga, amene malo ndinampatsa ndine, anaima pabwalo panga nkunena kuti mwana akudwalira m'nyumba ya agogo ake, ndiye mfiti tisakafune kutali. Anatenga mwana ndi amake ulendo wa kwawo ku Khwethemule. Pamjigo ndikafika, anzanga ankasuntha zidebe.

Fakitale itatsekedwa kunabwera oyeza nthaka ndi madzi, zovala zoyera, magolovesi m'manja, kuboola pansi, kutunga m'zitsime, kuthira m'timabotolo, koma ankangozungulira mpanda basi. Ine ndinakaima kutsogolo kwa galimoto yawo, manja m'chiuno, ndinati ngati dothilo ndi logwira ndi magolovesi, akaone komwe ife timazirira nalo nkuligonera, apo ayi andigunde. Mtsikana wina mwa iwo anandifunsa mobwereza kuti ndati timazirira chiyani. Titafika kwathu analoza kamakina kake pansi, pomwepo pomwe mwana ankadyera mbatata, kamakina kulira, iye kubwerera chammbuyo nkuphimba mphuno ndi kukamwa. Anati ndi mtovu, poizoni wa m'mabatire, mwana ankaunyambita m'zala. Madzi a pamjigo anawapeza abwino, koma nyumba zathu anazipala pansi zonse, ana onse ulendo wa kuchipatala ku Boma, ndipo wangayo anakamutenga ku Khwethemule komweko.

Lero ndimakhulupirira kuti chimene chinkadya mwana chinabwera pa lole ya fakitale, sichinachokere mumtima mwanga, ndipo sindidzapepesa kwa munthu, poti palibe anatiletsa kutapa. Inu azimayi, dothi la kuseri kwa fakitale lisiyeni, liwale bwanji liwale. Inu akamwini, mwana akadwala kayezetseni magazi musanaloze nkhalamba chala.

Ondinena sindiwatchula, koma odzavina ndiwaimba! Tsiku la uthengalo anabwera amake Fuloresi ndi chigubu cha thobwa, anabwera Che Asiyatu a nsomba pamsika, anabwera mayi Dorika anamwino a ku mishoni, anabwera mchemwali wanga Enelesi ndi ndodo yake, anabwera mwana wanga Lusiya, kamdzukulu kanga Tamandani kakuyenda kokha patsogolo, anabweranso mkamwini wanga Bizaliyele, amene anaomba m'manja ali chogwada padzuwa, chifukwa mkeka sindinampatse.