Bulangete Limene Sindinaliwombere M'manja

Inu owerenga, makamaka amene muli pa sukulu zapamwamba, ine ndinataya malo anga pa sukulu ya uphunzitsi chifukwa chomvera m'bale wanga. Ndine munthu wamanyazi, sindinazolowere kukamba zanga, koma izi zokha ndati muzimve.

Kwathu ndi ku Nsaru. Nditamaliza sukulu ya m'mudzi, amishoni anandisankha kukaphunzira uphunzitsi pamodzi ndi Lufeyo, mwana wa amayi aang'ono. Amene ankatilipirira tonse awiri anali atsibweni athu, mlimi wa fodya. Lufeyo anali wochenjera pakamwa, ndipo ine ndinkamutsanzira pa chilichonse kuti anzathu asandiseke kuti ndine wachimidzi.

Kwathu kuno munthu akakupatsa chinthu, suthokoza tsiku lomwelo lokha ayi. M'mawa mwake umalawirira kwawo, kugwada, kuwomba m'manja ndi kuthokoza za dzulo. Ndinakula ndikuchita zimenezi.

Pa tchuthi china atsibweni anatigulira aliyense bulangete lokafunda kusukulu. Chaka chimenecho fodya sanagulidwe bwino, ndipo amayi anali atandinong'oneza kuti mwina atsibweni sadzathanso kulipirira anthu awiri. Tili m'njira yobwerera kunyumba, Lufeyo anandiuza kuti anthu ophunzira sagwada pafumbi, zikomo wa pomwepo ndi wokwanira. Anatinso atsibweni amachita manyazi akaona anyamata a sukulu akukwawa pakhomo pawo ngati akamwini, choncho mawa tonse tisapiteko. Mtima wanga unakana, koma ndinaopa kumukhumudwitsa.

M'mawa ndinakhala pakhonde ndi buku. Lufeyo anatsanzika kuti akupita kudimba. Ndinadzamva pambuyo pake kwa akazi a atsibweni kuti anakhotera kwa atsibweniko, anagwada pafupi ndi chigafa cha fodya n'kuwomba m'manja nthawi yaitali. Atamufunsa za ine, anayankha kuti sukulu yandipatsa matama, ndipo ndikunena kuti bulangetelo ndi lokanda.

Tchuthi chikutha, atsibweni anandiitana. Sanakalipe.

"Mwana wa mlongo wanga, ndinakudikira m'mawa uja. Mphamvu zanga zatsala za munthu mmodzi, ndiye apite amene akudziwa kumene bulangete lachokera."

Lufeyo anali pomwepo, akuyang'ana pansi. Ndinadikira kuti anene zoona. Sananene, ndipo ine ndi manyazi anga aja sindinamuulule. Lero iye ndi mphunzitsi, ine ndimalima.

Inu owerenga, kumene mukuphunzirako kuli munthu kumudzi amene akudzimana kuti inu mukhale pa benchi. Kuthokoza ndiko kumamuuza kuti thukuta lake mukuliona, ndipo kumamupatsa mtima wopitiriza ngakhale chaka chitavuta. Musamvere mnzanu wonyoza ulemu wa kwanu, kaya akhale wa magazi amodzi, ndipo musalole kuti wina akakulankhulireni kwa okuthandizani. Pitani nokha, ndipo pitani msanga. Ine ndinadzagwada madzulo a tsiku limene anandiitanalo, koma atsibweni anangondidzutsa n'kundiuza kuti mawa ndilawirire, tikakonze nazale ya fodya.